Kodi ndilipire ma rates pamene ngalande ya pakhomo panga ili yotsekeka?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Chilenje, mu Lusaka muno. Amuna awo anamwalira zaka zinayi zapitazo, n'kuwasiyira nyumba ya zipinda zitatu imene anagula kwa khonsolo mu 1996. Mwezi wathawu kwabwera bilu ya ma rates, msonkho wa khonsolo pa nyumba, m'dzina la malemuwo, ndipo m'munsi mwake muli ngongole ya zaka zingapo imene iwo sankaidziwa n'komwe. Pa gulu la WhatsApp la mumsewu mwawo anthu agawikana pawiri. Ena akuti aliyense alipire, ena akuti pasapezeke wotulutsa ngakhale ngwee imodzi mpaka ngalande zitakonzedwa ndiponso magetsi a mumsewu atayaka. Funso la mayiwo linali ili: "Nyumba tinagula, taitolo ndili nayo, zinyalala ndimalipira padera, madzi padera. Nanga izi ndikulipiranji? Ndikangokhala chete angandichite chiyani?"

Amayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya m'nyumba mwanu, ndipo pepani kuti pepala lotere lakupezani muli nokha. Ndiyankha mosazungulira: lipirani. Koma musalipire mutatsinzina, ndipo ndalama isachoke m'manja mwanu musanaone mmene ngongoleyo inakulira. Anansi anu amene akwiya sindikuwanyoza, mkwiyo wawo uli ndi mutu. Chimene ndikukana ndi njira imene asankha, chifukwa ndinaona ndi maso anga kumene imathera, ndipo amene imamupweteka ndi munthu wonga inuyo.

Tiyambe ndi funso lanu lakuti mukulipiranji. Mu Lusaka muno timangoti msonkho wa nyumba ngati ndi chinthu chimodzi, pamene zilipo zingapo ndipo zimalowa m'matumba osiyana. Malinga ndi lamulo la malo la 1995, nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse. Taitolo imene mwasunga ija ikunena kuti malowo mwabwereka kwa nthawi yaitali, kawirikawiri zaka 99, ndipo pa kubwerekako pali ground rent. Ambiri amakalipira ku Unduna wa za Malo, koma m'madera ena amene mapepala anatuluka ku khonsolo amalipira ku khonsolo komweko. Tsiku limene mudzagulitse nyumbayo a ZRA, bungwe la boma lotolera misonkho, adzatenga gawo lawo lotchedwa property transfer tax, ndipo mukaikamo munthu wa lendi a ZRA omwewo amafuna msonkho pa ndalama ya lendiyo. Ma rates ndi nkhani ina. Awa ndi a khonsolo, ndipo sakutanthauza kuti nyumba simunamalize kugula ayi. Mumalipira chifukwa nyumbayo ili mumzinda, ndipo mumzinda muli zinthu zimene munthu sangadzigulire payekha: ngalande, timisewu ta m'kati mwa madera, magetsi a mumsewu, ozimitsa moto, manda a ku Chingwere, oyendera ukhondo m'misika ndi m'mabutchala, ngakhalenso dzala lalikulu la ku Chunga kumene galimoto ya zinyalala imene mumalipira padera ija imakakhuthula.

Kawerengedwe kake si kovuta monga mmene pepalalo limaonekera. Lamulo limene likugwira ntchito tsopano ndi Rating Act ya 2018, imene inalowa m'malo mwa ya 1997. Akatswiri oyesa mitengo ya nyumba amalemba mtengo umene nyumba iliyonse, pamodzi ndi malo ake, ingagulidwire pamsika. Mitengo yonseyo imalowa m'kaundula wotchedwa valuation roll, amene lamulo limafuna kuti azikonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Kenaka khonsolo imaika mlingo wa ndalama imene izitengedwa pa mtengowo, ndipo mlingo wa nyumba zogona umakhala wotsika kuposa wa mashopu ndi mafakitale. Tingoyerekeza chabe: nyumba italembedwa K600,000, mlingo n'kukhala ngwee imodzi pa K10 iliyonse, pa chaka mungalipire K600. Akaiyesanso n'kupeza kuti yafika pa K1,200,000, bilu ikhala K1,200 ngakhale mlingo usanakhudzidwe. Kulira kwa anthu okalamba kumabadwira pamenepa. Nyumba za ku Chilenje, Libala ndi Kabwata zakwera mtengo chifukwa zili pafupi ndi tauni, koma penshoni ya munthu amene akugonamo sinakwere nazo. Papepala ndinu olemera, kukhitchini mukuwerengera makala. Amene amati wokhala ndi nyumba sangasowe ndalama sanachezepo kwa mayi wamasiye mwezi ukamapita kumapeto.

Palinso china chimene chimatibaya tikamva mawu akuti msonkho, makamaka ife a kum'mawa. Agogo anga aamuna, a ku Katete, ankati akayamba kusimba za msonkho mawu awo ankatsika. Kampani ya British South Africa, imene inkalamulira dera lathu ili ku Fort Jameson (Chipata ya lero), inayamba kutolera msonkho wa nyumba mu 1901, masheleni atatu pa nyumba iliyonse. M'midzi munalibe ndalama, choncho amuna ankanyamuka wapansi kukaifuna m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero), ena osabwererako, aja ankatchedwa matchona. Msonkho umenewo unkatulutsa anthu m'midzi kuti akagwire ntchito kwa azungu, ndipo wolipirayo analibe pakamwa pofunsira kumene ndalama yake yapita. Ndiye munthu akalemba pa WhatsApp kuti "ndilipirenji pa nyumba yangayanga," ine ndimamvamo mawu a agogo. Koma kusiyana kulipo. Khansala wa wodi yanu munamuvotera ndinu, ndipo kuyambira mu 2016 ngakhale meya timasankha tokha. Pakamwa pofunsira tili napo lero, kungoti ambirife timathera kudandaulirana tokhatokha.

Nanga n'chifukwa chiyani ngalande yanu ili yotsekeka? Mbali ina ya yankho ili m'mbiri ya nyumba yanu yomweyo. Mu 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa anthu amene ankakhalamo, zambiri pa mtengo wotsika kwambiri. Kwa mabanja onga lanu linali dalitso, ndipo wina asakuchititseni nalo manyazi, popeza ana anu ali ndi pogona lero chifukwa cha chaka chimenecho. Koma lendi ya nyumba zimenezo unali mtsinje waukulu wa ndalama za khonsolo, ndipo unauma nthawi imodzi. Madzi anali atachoka kale kupita ku kampani yakeyake, ziphaso za magalimoto nazo zinapita ku boma lalikulu. Mitsinje ikuuma choncho, mzinda unkangokula. Lusaka inakhala likulu mu 1935 ili kamzinda kochepa, koma kalembera wa 2022 anapeza anthu okwana 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha, ochuluka mwa iwo akukhala m'makomboni amene anamera popanda pulani. Ma rates ndiwo anatsala ngati mzati waukulu wa ndalama zimene mzinda umadzitolerera wokha.

Zimenezi sizikutsuka khonsolo, ndipo apa anansi anu ndili nawo limodzi. Tonse tikukumbukira zaka zimene ndalama za m'misika ndi m'masiteshoni a mabasi zinkathera m'matumba a makada a chipani, mpaka boma latsopano litalamula mu 2021 kuti achokemo. Malipoti a Auditor General, mkulu wofufuza mmene ndalama za boma zagwiritsidwira ntchito, okhudza makhonsolo a m'dziko muno akhala akutchula ndalama zosatoleredwa ndi zosalongosoka bwino. Boma lalikulu limapereka ndalama ku makhonsolo m'malo mwa ma rates a nyumba zake, ndipo makhonsolo akhala akudandaula kuti sizikwanira. Chopweteka kwambiri kwa ine ndi cha kaundula uja. Nyumba yanu ili m'mabuku kuyambira kalekale chifukwa inali ya khonsolo, nambala yake amaidziwa ngati dzina la mwana wawo. Koma chinyumba chosanjikiza chimene chamangidwa kaundula atatsekedwa kale sichilandira bilu mpaka chitalowetsedwa m'kaundula wowonjezera. Zikachedwa pamenepo, wosauka wolembedwa amasenza katundu wa wolemera wosalembedwa. Munthu akakwiya ndi zimenezi, wakwiya moyenera.

Komabe mlandu suola, ndipo ngongole ya ma rates ndi mlandu wotero. Imamatirira panyumba. Azakhali anga anali ndi nyumba ku Matero, ndipo anali mayi wosamala zinthu, wosataya ngakhale lisiti la mchere. Chaka chimene msewu wa pakhomo pawo unakumbika mpaka mataxi kuleka kulowamo, analumbira kuti sadzalipiranso mpaka utakonzedwa. Bilu ikabwera ankaipinda kanayi n'kuiika m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. Atamwalira, ana awo asanu anagwirizana zogulitsa nyumbayo, wogula n'kupezeka. Loya wa wogulayo atapempha malisiti a ma rates ndi a ground rent, tinakoka chitini chija. Ine ndinalipo, tili pamphasa pabalaza. Munali mabilu okhaokha, opindidwa bwinobwino, ena atachita dzimbiri la chitini m'mbali, popanda lisiti ndi limodzi lomwe. Ngongole yonse inachotsedwa pa mtengo wa nyumba, wogula n'kupezerapo mpata wotsitsanso chifukwa cha kuchedwa, ndipo ana anayamba kulozana zala kuti amene ankakhala ndi amayi bwanji sananene. Awiri mwa iwo mpaka lero moni wawo ndi wapamaliro pokha. Msewu uja unadzaikidwa phula patapita zaka pa ntchito ya boma lalikulu, ndipo panalibe ofesi ndi imodzi yomwe imene inadziwa kuti azakhali ankanyanyala. M'mabuku ankangooneka ngati wangongole wina aliyense.

Mwafunsa chimene angakuchiteni mukakhala chete. Lamulo limalola khonsolo, ikakuchenjezani koma osalipira, kutenga chilolezo cholanda katundu, chimene amachitcha warrant of distress, n'kutumiza ma bailiff. Iwo amanyamula zimene apeza, firiji, TV, mipando, ndipo ndalama ya ntchito yawo imaonjezedwa pa ngongole yanu yomweyo. Taganizani tsopano za gulu lanu lija. Amene akufuula kwambiri kuti pasapezeke wolipira, ena ndi a lendi amene bilu siibwera m'dzina lawo, popeza lamulo limagwira mwini nyumba. Ena ali ndi ndalama, zinthu zikathina adzapita mwakachetechete kukalipira zonse tsiku limodzi. Galimoto ikadzaima pageti panu, gulu la WhatsApp lidzatumiza mauthenga a pepani, koma pepani sapoletsa chilonda.

Ndili ndi chifukwa chinanso, chimene kwa ine chimalemera kuposa mantha a ma bailiff. Mu Januwale 2024 bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala cha kolera, monga mmene linachitira mu Januwale 2018. Mu 2024 masukulu sanatsegulidwe mpaka mu Febuluwale, ndipo m'dziko lonse mliri umenewo unatenga anthu opitirira 700. Lusaka inamangidwa pamalo athyathyathya, pamwamba pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Mvula ikagwa ku Kanyama, Misisi ndi Chawama, madzi amasowa kolowera, zimbudzi zokumba zimasefukira, zonyansa n'kutsikira m'zitsime zosaya zimene anthu amamwa. Ngalande yaikulu ya Bombay inakonzedwa ndi gawo la thandizo la madola pafupifupi 355 miliyoni lochokera ku America, pa ntchito ya madzi ndi ngalande imene inatha mu 2018. Koma wothandiza amamanga n'kupita kwawo. Wovuula mabotolo a pulasitiki ndi matewera m'ngalandemo chaka ndi chaka mvula isanagwe ayenera kulipidwa ndi mzinda womwewu. Kolera sayang'ana kuti uyu ndi wa kumayadi, uyu wa kukomboni. Mayi amene amakugulitsani tomato ndi repu pa Soweto Market amagona ku Kanyama, ndipo mumakwera naye minibasi imodzi. Ndalama yanu ikakakonza ngalande ya kutali ndi kwanu, musaione ngati yatayika.

Tsopano chochita. Safunsa anadya phula, choncho musalipire potengera nambala ya pabilu yokha. Pitani ku Civic Centre, pa Independence Avenue, ku ofesi ya ma rates, mutatenga biluyo, chiphaso chanu cha unzika (NRC), taitolo, chikalata cha imfa ya abambo ndi mapepala osonyeza amene anasankhidwa kuyang'anira chuma cha malemu. Zonsezi mujambulitse, zenizeni muzingoonetsa. Mukafika pemphani statement yonse, yosonyeza chaka ndi chaka zimene analipiritsa ndi zimene zinalipiridwa. Muone ngati nambala ya puloti ndi yanudi, muonenso ngati nyumbayo inalembedwa kuti ndi yogona, chifukwa ikalembedwa molakwika ngati ya bizinesi mlingo wake umakwera. Musananyamuke fufuzani m'mapepala a abambo, m'masutikesi ndi m'mabuku a kutchalitchi momwe. Lisiti limodzi lakale likhoza kudula ngongole ya chaka chathunthu. Mukaona manambala aakulu modabwitsa pa mapepala a chaka cha 2013 chisanafike, kumbukirani kuti pa 1 Januwale chaka chimenecho kwacha inachotsedwa maziro atatu.

Ngongole ikatsimikizika kuti ndi yoona, musachite manyazi kunena kuti simungathe kulipira yonse pakamodzi. Pemphani kuti muzilipira pang'onopang'ono, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe. Lamulo lomwelo limalola mwini nyumba kupempha khonsolo kuti imuchepetsere kapena kumukhululukira ma rates, chimene amachitcha remission. Si onse opempha amene amapatsidwa, koma mayi wamasiye wodalira penshoni ali ndi nkhani yomveka. Lembani kalata, fotokozani mmene mukukhalira, ndipo kope lanu alidinde kusonyeza kuti alandira. Polipira, lipirani pakauntala, kubanki kapena pa njira za pafoni zimene khonsolo yalengeza yokha, ndipo lisiti likhale m'manja mwanu. Wina akakukokerani pambali n'kukuuzani kuti mumupatse pang'ono akufufutireni ngongole mu kompyuta, mukaneni. Ndalama yanu idzapita, ngongole idzatsala.

Za mtengo umene nyumba yanu inalembedwa, pali nthawi yake yotsutsira. Kaundula watsopano akakonzedwa amaikidwa poyera kuti eni nyumba akaone, ndipo wosakhutira amalemba dandaulo lake kuti likamvedwe ndi bwalo lotchedwa Rating Valuation Tribunal. Ambirife zilengezo zimenezi zimatidutsa, timadzadzidzimuka bilu itafika, masiku odandaulira atatha kale. Uzani mwana wanu amene amakhala pa intaneti kuti azitchera khutu.

Popeza bilu ikubwerabe m'dzina la abambo, ndikupemphani kuti mukonzenso za dzinalo mudakali ndi mphamvu. Ngati sanasiye wilo, lamulo la 1989 la chuma cha masiye limapereka nyumba kwa mkazi ndi ana, ndipo mkazi ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso. Malisiti osonyeza kuti ndinu amene mwakhala mukusamalira nyumbayo ndi mboni yabwino tsiku limene wachibale wina angadzabwere ndi nkhani zake.

Kwa anansi anu, kawauzeni kuti ndati mutu umodzi susenza denga, ndipo mphamvu imene aika pa kunyanyala aitembenuze. Aliyense wolipira abweretse kope la lisiti lake. Muphatikize ndalama zonse zimene msewu wanu wapereka chaka chino, mujambule ngalandeyo mvula itagwa, muwerenge mapolo amene sayaka, kenaka mulembe kalata imodzi yosainidwa ndi nonse yopita kwa khansala ndi kwa Town Clerk, mkulu wa ogwira ntchito ku khonsolo. Mukaipereke anthu khumi, osati mmodzi. Wodi iliyonse ili ndi Ward Development Committee, ndipo kumeneko ndi kumene zopempha za ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha konsitichuwense, zimayambira. Ndalama zimenezi zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Ngalande ya mumsewu umodzi si chinthu chosatheka pa thumba limenelo. Kuyambira mu Disembala 2023 tilinso ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata za maofesi a boma. Munthu wogwira lisiti akafunsa kuti ndalama yanga yapita kuti, funso lake limalemera. Wogwira bilu yosalipira amangomuloza ku kauntala.

Ngati wina wa ku khonsolo akuwerenga, pempho langa ndi lakuti potolera muyambire kumtunda. Ma bailiff ayambe agogoda kwa eni mashopu aakulu ndi maofesi amene ali ndi ngongole zikuluzikulu asanafike pageti la mayi wa ku Chilenje. Nyumba zatsopano zilowe m'kaundula msanga. Ndipo kamodzi pa chaka mupachike pepala pa ofesi ya wodi iliyonse, losonyeza zimene wodiyo yapereka ndi ntchito zimene zagwiridwamo, m'chinenero chimene anthu amalankhula. Anthu a mu Lusaka amasonkha pamaliro, amasonkha kutchalitchi, amasonkha pa chilimba mwezi ndi mwezi osaphonya, chifukwa kumeneko amaona ndi maso kumene ndalama yapita.

Amayi, tsiku lopita ku Civic Centre mulawire m'mawa, ndipo mutenge mwana wanu wamkulu kuti nkhani ya nyumbayi aidziwe kuyambira tsopano. Mukalandira statement, mundilemberenso, mundiuze chaka chimene ngongoleyo inayambira ndi zimene akuyankhani pa pempho lolipira pang'onopang'ono. Kalata ya remission ikakuvutani kalembedwe, nditumizireni zimene mwalemba tikonzere limodzi.